Ndodo ya Gehazi ndi Ana a M'midzi

PHUNZIRO 9

SABATA MADZULO

WERENGANI PA PHUNZIRO LA SABATA INO: Genesis 21:14-19, 2 Mafumu 4:18-37, 5:15-27, Marko 5:21-43, Luka 17:11-19, Yohane 9:1-7.

VESI LOLOWEZA: Mateyu 18:14. Tsegulani Baibulo lanu, lembani vesili pa kapepala, ndipo mulibwereze m'mawa uliwonse kufikira litakhazikika mumtima.

GANIZO LALIKULU: Mbale kapena mlongo amene adzipereka kuthandiza ana odwala m'dzina la Khristu aitanidwa kupita yekha ku nyumba kumene kuli mwanayo, ndi kubwererakonso kufikira mwanayo atachira.

M'chaka cha 1992 kafukufuku wa zaumoyo m'Malawi anapeza kuti mwa ana 1,000 obadwa amoyo, ana 234 anali kumwalira asanakwanitse zaka zisanu. Achikulire a m'kalasi mwanu safunika kuwafotokozera tanthauzo la chiwerengero chimenechi, pakuti akukumbukira mitumbira ing'onoing'ono imene inali kuchuluka kumanda nthawi ya dzinja, ndiponso amayi amene ankati akafunsidwa za ana awo, anayamba awerenga amoyo, kenaka nawerenga ogona. Pofika pa kafukufuku wa 2015 ndi 2016 chiwerengerocho chinali chitatsika kufika pa ana 63. Katemera, masikito, mankhwala amphamvu a malungo, ndi mankhwala oteteza khanda ku kachilombo ka HIV, zonsezi zinathandiza. Koma palibe chimodzi mwa zinthu zimenezi chimene chili ndi miyendo. Panafunika munthu wochinyamula, wochifotokoza, ndi wobweranso kudzaona ngati chikugwiritsidwa ntchito. Ambiri mwa anthu oterewa sanalembedwe ntchito ndi munthu aliyense. Sabata ino tiphunzira za utumiki wawo, za mayesero ake, ndi za malo a mpingo wathu pa ntchitoyi.

TSIKU LOYAMBA

NDODO INAFIKA, MWANA SANADZUKE (2 Mafumu 4:18-37)

Werengani 2 Mafumu 4:18-24. Kodi atate wa mwanayu anachitapo chiyani atamva kuti mwana wake akumva mutu? Nanga mayi ake anachita chiyani?

Inali nyengo yokolola. Mwana anadandaula za mutu ali kumunda, ndipo atate ake anauza wantchito kuti amunyamule kupita naye kwa amake. Iwo anatsala ndi okolola. Ngakhale pamene mkazi wawo anapempha bulu kuti athamangire kwa mneneri, bambowa anangodabwa kuti ulendo ngwachiyani pa tsiku wamba. Tisafulumire kuwaweruza. Kodi si momwemo m'makomo ambiri kwathu kuno? Mwana akatentha thupi, imakhala nkhani ya amayi. Pa sikelo ya ana mungathe kuwerenga amayi makumi asanu musanaone bambo ndi mmodzi yemwe. Komatu ndalama ya kabaza imakhala m'thumba la abambo, ndipo m'mabanja ambiri mayi sanganyamuke kupita ku chipatala mwini nyumba asanalole. Wodzipereka amene aphunzitsa amayi okha wagwira theka la ntchito.

Werengani ndime 25 kufikira 31. Elisa anatuma yani, ndipo anamupatsa chiyani? N'chifukwa ninji mayiyo anakana kubwerera ndi mtumiki yekha?

Kuchokera ku Sunemu kufika ku phiri la Karimeli ndi ulendo woposa makilomita 20. Elisa anaganiza zothandiza mofulumira: Gehazi anali ndi liwiro, ndodo inali ya mneneri weniweni, ndipo lamulo linali lakuti asataye nthawi ndi malonje panjira. Zonse zinachitika monga mwa dongosolo. Gehazi anafika, anaika ndodo pankhope pa mwana, nabwerera kukapereka lipoti. Koma mwanayo anali chigonere.

Baibulo silitiuza mwatchutchutchu chifukwa chimene ndodoyo inalepherera, ndipo tisaumirize lembalo kunena zimene silinanene. Chimene litionetsa ndi kusiyana kwa anthu awiriwa. Gehazi ndi yemwe uja anafuna kukankha mayi wosweka mtima pamene anagwira mapazi a mneneri. Elisa analowa m'chipinda, anatseka chitseko, anapemphera, nakhudza mtembo wozizira ndi thupi lake lomwe, chinthu chimene mwa chilamulo chinali kudetsa munthu (Numeri 19:11). Thupi litayamba kufunda iye sananene kuti ntchito yatha. Anayendayenda m'nyumbamo, nabwerezanso, kufikira mwana anayetsemula ndi kutsegula maso.

Mipingo yathu imadziwa kutumiza ndodo. Timasonkha zovala, sopo ndi ufa, tikwera galimoto Lamulungu lina, tigawa, tiimba nyimbo, ndipo dzuwa lisanalowe tabwerera kwathu. Zimenezi si zoipa, ndipo wolandira amathokoza ndi mtima wonse. Koma funso la mayi wa ku Sunemu likadalipo: kodi mubwera nane kunyumba?

Taganizirani za ntchito yachifundo imene mpingo wanu unachita chaka chatha. Kodi alipo amene anabwererako patapita mwezi? Kodi mukudziwa dzina la mwana ngakhale mmodzi mwa amene munawathandiza?

LOLEMBA

CHITSIME CHINALIPO KALE (Genesis 21:14-19)

N'chifukwa chiyani Hagara anakhala patali ndi mwana wake? Kodi Mulungu anamuthandiza mwa njira yotani?

Madzi atatha m'thumba, Hagara anagoneka Ismayeli pansi pa chitsamba, napita kukakhala poteropo, chifukwa sanafune kuona mwana wake akutsirizika. Mulungu anamva kulira kwa mnyamatayo. Koma taonani mmene thandizo linafikira. Mngelo sanatsike ndi mtsuko kuchokera kumwamba. Mulungu anatsegula maso a mayiyo, iye anaona chitsime, ndipo anapita yekha kukatunga ndi kumwetsa mwana wake.

Mwana wotsegula m'mimba amafa imfa yofanana ndi imene inali kuyandikira Ismayeli: madzi ndi mchere zimatha m'thupi. Maso amalowa, liwombo limalowa, pakamwa pamauma, ndipo khungu la pamimba ukalitsina silibwerera msanga. Amayi ena poona kuti chilichonse chimene mwana wamwa chikungotuluka, amaleka kumupatsa madzi ndi bere, poganiza kuti akumuthandiza. Apa m'pamene imfa imalowera. Chonsecho chithandizo chake n'chotsika mtengo: paketi imodzi ya Thanzi ORS yosungunulidwa mu lita imodzi ya madzi aukhondo, kumwetsa pang'onopang'ono ndi kapu kapena supuni, mapiritsi a zinki kwa masiku 10 kufikira 14, ndi kupitiriza kuyamwitsa. Mwana akasanza, mudikire mphindi khumi ndi kuyambanso modekha. Chitsime chili pafupi. Chosowa ndi munthu wotsegula maso a mayi, ndipo munthuyo ayenera kukhala atafika matenda asanafike.

M'chaka cha 1995 bungwe lachikhristu la World Relief linayamba njira ina m'chigawo cha Gaza ku Mozambique, imene lero ikudziwika m'midzi yambiri ya kuno kwathu ndi dzina lakuti Care Group. Mabanja oyandikana, khumi kapena khumi ndi asanu, amasankha mayi mmodzi pakati pawo. Amayi osankhidwawo amakumana kawirikawiri ndi wowaphunzitsa, naphunzira mfundo imodzi yokha, monga kusamba m'manja ndi sopo pa mpondagiya, kuthira mankhwala m'madzi akumwa, kapena kugoneka ana m'masikito usiku uliwonse. Kenaka aliyense amayendera makomo ake ndi mfundo imeneyo. Nzeru ya njirayi ili pa kuchepa kwake. Munthu sangathe kusamala mudzi wonse, koma makomo khumi angathe kuwadziwa bwino lomwe: kumene kuli mayi woyembekezera, kumene khanda ladumpha katemera wa chikuku wa pa miyezi 9, kumene neti yasanduka mpanda wa dimba.

Amene anaona kolera wa 2022 ndi 2023, ndiponso misasa ya anthu othawa namondwe wa Freddy m'mwezi wa Malichi 2023 m'chigawo cha kum'mwera, akudziwa kuti chidebe cha madzi aukhondo ndi sopo si nkhani yaing'ono.

Yerekezani Genesis 21:19 ndi Eksodo 18:17-23. Kodi uphungu wa Yetero wogawa anthu m'magulu a khumi ungathandize bwanji amayi a Dorika ndi achinyamata a mpingo wanu?

LACHIWIRI

ATADZUKA ANAFUNIKA CHAKUDYA (Marko 5:21-24, 35-43)

Werengani Marko 5:41-43. Kodi lamulo lomaliza limene Yesu anapereka m'nyumba ya Yairo linali lotani? Likutiphunzitsa chiyani za Iye?

Mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri wangouka kwa akufa. Makolo ake azizwa, ophunzira atatu aja asowa chonena. Pakati pa zonsezi Yesu yekha ndiye akumbukira kuti mwanayo ali ndi njala. Iye amene anali ndi mphamvu yobweza moyo akanatha kumudzutsa ali wokhuta. Sanatero. Chozizwitsa anachita Iye, koma mphika anausiyira amake.

Kafukufuku yemwe uja wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi anali opinimbira, ndiko kuti, aafupi kusiyana ndi msinkhu woyenera zaka zawo. Kupinimbira sikulira, sikutentha thupi, ndipo pa chifukwa chimenechi sikuoneka ngati matenda. Anthu amangoti ndi kamtundu ka kwawo. Koma kumayamba m'masiku 1,000 oyamba, kuchokera pamene mayi waima kufikira mwana atakwanitsa zaka ziwiri, ndipo kumakhudza ndi ubongo womwe. Chimene chatayika m'masiku amenewo n'chovuta kuchibwezeretsa mwana atakula.

Kodi wodzipereka aphunzitse chiyani? Choyamba, kuti khanda liyamwe bere lokha miyezi isanu ndi umodzi, popanda madzi, dawale kapena phala. Pambuyo pake phala liyambe, bere likupitirira kufikira zaka ziwiri kapena kuposerapo. Ndipo phalalo lisakhale lamadzimadzi la ufa woyera, limene limadzaza mimba koma osamanga thupi. Likhale la mgaiwa, logwira pa supuni, lothira nsinjiro kapena ufa wa soya, masamba osinja, dzira likapezeka, ndi kadontho ka mafuta. A zaumoyo amatiphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, za mtundu wa nyemba, zochokera ku nyama, masamba, zipatso ndi mafuta. Ife amene timalalikira uthenga wa zaumoyo tiyenera kuchita manyazi ngati tidziwa kutchula zakudya zonse zoletsedwa za mu Levitiko 11, koma osadziwa kuphikira mwana wa miyezi isanu ndi itatu phala loyenera. Ndipo n'chinthu chomvetsa chisoni kuona banja likugulitsa mtedza wonse ndi mazira onse pa msika, n'kugulira mwana zibwente ndi zakumwa zotsekemera.

Pali kachingwe kena ka mitundu itatu kamene odzipereka amaphunzitsidwa kuyezera mkono wa mwana wa miyezi 6 kufikira zaka zisanu, pakati pa phewa ndi chigongono. Kakaonetsa kobiriwira, mwana ali bwino. Kakaonetsa kachikasu, pakati pa masentimita 11.5 ndi 12.5, mwana wayamba kunyentchera. Kakafika pofiira, pansi pa masentimita 11.5, moyo wake uli pa ngozi, ndipo ayenera kupita ku chipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzinso mwana wotupikana: mukadinikiza ndi zala pamwamba pa mapazi onse awiri kwa masekondi atatu, n'kutsala timaenje, musanyengeke poganiza kuti wanenepa. Ku chipatala ana otere amalandira chiponde, chopangidwa ndi mtedza, mkaka waufa, shuga, mafuta ndi mavitamini. Malawi ndi limodzi mwa maiko amene njira yochizira ana kunyumba ndi chiponde inayesedwa koyamba, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Chiponde ndi mankhwala. Chikagawidwa kwa ana onse a m'nyumba, wodwalayo sachira.

Apa pali povuta, ndipo tisapazembe. M'mwezi wa Januwale kapena Febuluwale, nkhokwe zitatha, mayi amene wachokera ku ganyu wopanda kanthu ayang'ana ana anayi anjala ndi paketi imodzi ya chiponde. Kodi mudzamuuza chiyani? Phunziro lokha silikwanira pamenepo. Werengani Yakobo 2:15, 16, ndipo mufunse kuti thumba la osauka la mpingo wanu linathandiza yani m'miyezi imeneyo.

LACHITATU

KUFUNAFUNA WOLAKWA (Yohane 9:1-7, Luka 17:11-19)

Ophunzira ataona munthu wosaona chibadwire, anafunsa funso lotani? Kodi Yesu analitembenuza bwanji?

Ophunzira anaona nkhani yokambirana. Yesu anaona munthu wofunika kuona. Funso lawo silinafe. Mwana akatupa miyendo ndi nkhope, tsitsi lake n'kusanduka lofiirira ndi lopyapyala, m'midzi yambiri amati ndi tsempho, ndipo akuluakulu amakhala pansi kufufuza kuti ndani mwa makolo wadumpha mwambo. Ena amaloza agogo okalamba a kuseri kwa mudzi. Masiku amapita, banja likukangana, mwana akufooka. Ndipo tivomereze kuti ngakhale pakati pa okhulupirira funsoli limangovala malaya ena: timanong'onezana kuti banjalo silibweza chakhumi, kapena kuti chikhulupiriro chawo n'chochepa.

Wodzipereka naye angathe kugwa m'mbuna yomweyo mwa njira yake. Afika pakhomo ndi buku m'manja, naona mwana wowonda, nayamba kukalipira mayi pamaso pa anzake: bwanji simunapite ku sikelo, bwanji mwatenganso pathupi msanga, bwanji pakhomo pano palibe chimbudzi. Zonse zimene wanena zingakhale zoona. Koma ulendo wotsatira mayiyo akadzamuona akubwera, adzabisa mwana m'nyumba. Munthu wochititsidwa manyazi sabwera poyera. Khalani pa mphasa, landirani malonje, funsani za kumunda, yamikirani chimene mayiyo akuchita bwino, ndipo mulankhule ndi apongozi ndi agogo mwaulemu, pakuti m'nyumba zambiri mawu awo ndiwo amatsiriza. Simuyenera kupambana mkangano wa tsempho tsiku limenelo. Chofunika n'chakuti mwana afike ku chipatala lero.

Werengani Luka 17:14. N'chifukwa ninji Yesu anatumiza akhate aja kwa ansembe? Onaninso Levitiko 14:1-3.

M'Israyeli ansembe ndiwo anali ndi udindo woyeza khate. Yesu, ngakhale anali Mchiritsi wamkulu, sanapeputse dongosolo limenelo. Wodzipereka aphunzirepo kudziwa malire ake. Iye si dokotala. Sabaya jakisoni, sagawa mankhwala amene sanaphunzitsidwe, ndipo sauza mayi kuti asiye mankhwala a kuchipatala chifukwa abale apemphera. Agwire ntchito pamodzi ndi mlangizi wa zaumoyo wa boma wa m'deralo, ndi mfumu, ndi komiti ya zaumoyo ya m'mudzi. Kuyambira m'chaka cha 2008 alangizi ambiri a m'madera akutali ndi zipatala anaphunzitsidwa kuthandiza ana odwala malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba pa zipatala zazing'ono za m'midzi. Kodi mukudziwa tsiku limene wa kwanuko amatsegula?

Zizindikiro izi wodzipereka aliyense azidziwe monga adziwira Malamulo Khumi: mwana akulephera kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse, akukomoka kapena kugwedezeka, wafooka kotero kuti sakudzuka, akupuma mofulumira kapena nthiti zikulowa m'kati popuma. Mukaona chimodzi mwa izi, pempherani muli panjira. Malungo angathe kupha mwana wamng'ono m'tsiku limodzi kapena awiri. Ndipo ngati tsikulo ndi la Sabata, werengani Mateyu 12:11, 12, ndipo mutulutse njinga. Mkulu wa mpingo amene achoka pakati pa Sukulu ya Sabata kuperekeza mayi ndi mwana ku chipatala sanaswe Sabata.

LACHINAYI

GEHAZI ATHAMANGANSO (2 Mafumu 5:15-27)

Kawiri Baibulo litionetsa Gehazi ali pa liwiro. Yerekezani 2 Mafumu 4:29-31 ndi 5:20-24. Kodi ulendo wachiwiri unayamba ndi lamulo la yani?

Namani atachira anafuna kupereka mphatso, ndipo Elisa anakana kwamtuwagalu, kuti Msiriyayo abwerere kwawo akudziwa kuti Mulungu wa Israyeli sagulitsa machiritso. Gehazi anaona chuma chikupita, namuthamangira. Taonani bodza limene anasankha. Sananene kuti iye mwini akufuna siliva. Anapeka alendo awiri osowa, anyamata a mwa ana a aneneri, napempha m'dzina lawo. Anagwiritsa ntchito umphawi wa ena kudzaza nyumba yake.

Tchimo limeneli lili pafupi ndi aliyense wogwira ntchito pakati pa osauka. Limayamba pang'ono. Maphunziro akalengezedwa, funso loyamba limakhala lakuti alawansi ndi zingati, ndipo amene alembedwa maina ndi abale a atsogoleri, amene sadzapondako pakhomo pa munthu. Kaundula wa ana onyentchera alowamo maina a ana athanzi a kwa achimwene. Sopo ndi masikito zichepa panjira. Lipoti linena kuti makomo makumi atatu ayenderedwa pamene wolembayo anakhala pansi pa mtengo wa mango nalemba zonse pamodzi. Wolemba phunziro lino anaonapo gulu lina la pa mpingo limene linayamba ndi anthu odzaza mabenchi pamene kunali matisheti ndi zakumwa. Thandizo la kunja litatha, anatsala amayi owerengeka, ndipo amene anatsalawo ndi omwe aja sankakhala kutsogolo pojambulitsa.

Pali phindu linanso limene si la ndalama. Alendo ochokera m'tauni kapena kunja kwa dziko amafika ndi mtima wabwino, ndipo ambiri amadzimana kwenikweni kuti abwere. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo n'zoona: namwino kapena dokotala wodzipereka kwa masabata awiri angathe kuphunzitsa zinthu zimene zidzapulumutsa ana kwa zaka zambiri. Koma anatinso mlendo ndi mame. Chotero mlendo wanzeru amafunsa eni dera chimene chikusowa, amagwira ntchito pansi pa chipatala cha m'deralo, ndipo amasiya luso m'manja mwa otsala. Asajambule mwana wodwala ndi foni n'kumuika pa Facebook popanda chilolezo cha makolo, ngati kuti nthiti za mwana wa mnzake ndi umboni wa chifundo chake (Mateyu 6:1-4).

Nanga mpingo? Nawonso uli ndi siliva wake amene ungathamangire. Tingathe kuyamba kuwerenga ana othandizidwa ngati njira yopezera maina a ubatizo, n'kumapatsa phala okhawo amene makolo awo abwera ku msonkhano wa chitsitsimutso. Mwa akhate khumi aja mmodzi yekha ndiye anabwerera kudzathokoza, koma Yesu sanabweze khate kwa asanu ndi anayi enawo. Mwana wa Msilamu, wa Mkatolika, wa ku Gule Wamkulu, ndi wa mkulu wa mpingo ayezedwe ndi chingwe chimodzi. Akakufunsani chifukwa chimene mumayendera mtunda wonsewo popanda malipiro, auzeni za Yesu momasuka. Koma thandizo lisakhale nyambo.

Komabe tisatembenuze nkhani ya Gehazi kukhala chikwapu chomenyera odzipereka okhulupirika. Werengani Luka 10:7 ndi Agalatiya 6:2. Mayi amene amayendera makomo khumi ali ndi munda wake wofuna kupalira, ana ake ofuna fizi, ndi nsapato zimene zikutha. Kufuna kubwezeredwa ndalama ya ulendo si umbombo. Mpingo umene umatuma anthu n'kuwaiwala ukuchita monga anachitira bambo wa ku Sunemu uja. Kodi achinyamata sangapite Lamulungu lina kukalima m'munda mwa mlongo ameneyu? Kodi madikoni sangakonze njinga yake?

Dzifunseni nokha: ngati palibe amene adzadziwe, kuyamika kapena kulipira, kodi ndidzapitabe ku nyumba ija mawa?

LACHISANU

KUPHUNZIRA MOONJEZERA: Werengani Mateyu 18:1-14, 25:31-46, Machitidwe 9:36-42. Amene ali ndi buku la Ellen G. White lotchedwa The Ministry of Healing, limene linasindikizidwa koyamba mu 1905, awerenge mitu yonena za kuthandiza osauka ndi za ntchito ya mayi m'banja, ndipo adzafotokozere kalasi m'mawu awoawo.

Mpingo wathu si mlendo pa ntchito imeneyi. Mishoni ya ku Makwasa m'boma la Thyolo inayamba mu 1902, pamene Thomas Branch, Mwadiventi wakuda wochokera ku America, anafika ndi banja lake. Mwana wake wamkazi, Mabel, anaphunzitsa pa sukulu ya pamishonipo. Mu 1907 malowo anatchedwa Malamulo. M'zaka zotsatira anadziwika kutali chifukwa cha kusamalira odwala khate pa nthawi imene anthu ambiri ankawathawa, ndipo lero pali chipatala ndi sukulu yophunzitsa anamwino ndi ena ogwira ntchito zachipatala. Zipatala za mipingo yosiyanasiyana, zogwirizana pansi pa bungwe la CHAM, zimatumikira makamaka anthu a kumidzi. Koma chipatala, kaya chikhale chabwino motani, chimathandiza mwana amene wafika pa chipata chake. Mtunda wa pakati pa khomo la mayi ndi chipatacho ndiwo uli m'manja mwa mpingo wa m'mudzimo.

MAFUNSO OKAMBIRANA:

1. Mlongo wina wa mu mpingo wanu akukana kupereka mwana wake ku katemera chifukwa cha mauthenga amene analandira pa foni, ndipo akuti akudalira Mulungu yekha. Mudzalankhula naye motani kuti musamutaye iye, ndiponso musataye mwanayo? Kodi nkhani ya Hagara ingakuthandizeni bwanji?

2. Mwazindikira kuti mbale amene amasunga katundu wa ana onyentchera akugulitsako wina pa msika. Iye ndi wachibale wa mkulu wa mpingo. Werengani Mateyu 18:15-17. Kodi mudzayamba pati, ndipo mudzadikira nthawi yaitali bwanji, podziwa kuti ana akudikira chakudyacho?

3. Amuna a m'kalasi lino, ndani mwa inu anatsegulapo kabuku ka kusikelo ka mwana wake kapena ka mdzukulu wake? Kodi mzere wa kulemera kwake ukukwera, waima, kapena ukutsika?

4. Lembani maina a mabanja khumi oyandikana ndi nyumba yanu, a mu mpingo ndi akunja omwe. Ikani chizindikiro pa nyumba zimene muli mayi woyembekezera kapena mwana wosakwana zaka ziwiri. Ndi nyumba iti imene mudzayambe kuyendera sabata ikudzayi, ndipo mudzapita ndi yani?